Mbuzi Imene Inadyedwa ndi Papaya

Mpaka lero akazi anga, amake Tisa, akandiona ndikuyandikira poto amatsokomola. Sindiwaimba mlandu. Koma nkhani imene amauza anzawo kuno ku Chawama, mu Lusaka, ndi yoduka mutu, ndiye lekani ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Apongozi anga aamuna amakhala ku Katete, ndipo akabwera ku Lusaka amafikira kwathu. Chimene chinkandiwawa n'chakuti mbale yawo ya nyama inkabwerera kukhitchini monga inapitira. Msuzi amwa, masamba atha, koma nthuli zili phee. Ine monga mkamwini sindidya nawo pamodzi, ndipo powapatsa moni maso anga amakhala pansi, choncho ndinalibe pofunsira. Mlandu ndinauweruza ndekha mumtima: mdala uyu amandinyoza. Mwana wawo anakwatiwa ndi wowotcherera mageti pa msewu wa ku komboni ya Kalingalinga, ndiye nyama ya munthu wotere siyenera kulowa m'kamwa mwawo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditayamba sukulu yamadzulo kuti ndilembenso mayeso amene anandigwetsa ndili mnyamata. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti chamoyo chilichonse, kaya munthu, mbuzi kapena mtengo, chinamangidwa ndi zinthu zofanana. Nyama ndi puloteni, ndipo puloteni ili ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. M'thupi muli tinthu totchedwa maenzaimu timene timadula ulusiwo kuti chakudya chigayike. Kenako anawonjeza kuti utomoni wa papaya wosapsa ulinso ndi enzaimu yotere, moti ukaupaka pa nyama yolimba kwa kanthawi, nyamayo imafewa. (Zoti kanthawi ndinazimva bwinobwino. Kungoti ndinaona ngati aphunzitsiwo ndi munthu wamantha.)

Apongozi atabwera m'mwezi wa Okutobala, ndinati nthawi yanga yakwana: ndiwaphikira nyama yofewa mwa sayansi, tione ngati aikanenso. Ndinagula mwendo wa tonde wokalamba, wolimba ngati tayala la minibasi. Lamlungu m'mawa ndinathyola mapapaya osapsa kuseri kwa nyumba, n'kuwasinja ndi makoko omwe. Ndinakwirira nthuli zonse m'phala lobiriwiralo m'beseni, ndikukanya ndi manja.

"Batate bake Tisa, mufuna kupika mbuzi olo vimasamba?" anafunsa akazi anga ataima pakhomo la khitchini.

"Ivi ni va sayansi, imwe," ndinayankha osatembenuka n'komwe. "Lelo batate banu bazadya nyama, muzaona."

Ndinavundikira beseni ndipo tonse tinapita kutchalitchi. Tili pakati pa nyimbo, zala zanga zinayamba kuyabwa ndi kutentha. Ndinakanda, ndinauzira, ndinazibisa m'khwapa, mpaka mkulu wampingo amene ndinakhala naye pafupi anasendera kutali. Apo m'pamene ndinazindikira kuti enzaimu sidziwa kusiyanitsa mbuzi ndi wowotcherera mageti, popeza tonse ndife puloteni. Kunena zoona ndinanyada. Ndinati ngati ikugwira ntchito chonchi pa munthu wamoyo, nanga kuli bwanji pa tonde wakufa? Tsiku limenelo kunabwera mlaliki wachilendo, ndipo anthu otere satsika msanga pa guwa.

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Nthuli zija zinali zitatuwa, zikuterera m'manja ngati sopo. Munthu wanzeru akanazitsuka. Ine ndinakhuthulira zonse mu poto, papaya ndi nyama yomwe, n'kuika pa mbaula ya moto wochepa kuti zipse mwaulemu. (Aphunzitsi ananenanso kuti enzaimu imagwira ntchito msanga pakafunda. Izi ndinazikumbukira mawa lake.)

Nditavundukula n'kulowetsa supuni, panatuluka fupa loyera mbee. Ndinalowetsanso, fupa lina. Nthuli sindinaione ngakhale imodzi. Mu poto munali phala lotuwa, mafupa akusambira m'menemo.

Amake Tisa anasuzumira, n'kugwira m'chiuno. "Nyama ili kuti?"

"Iliko, yasintha chabe maonekedwe."

"Ayi, mwanichititsa nsoni. Batate bachoka ku Katete konse kuja kubwela kudya poliji ya mbuzi?"

Ndiwo zina kunalibe, ndipo mdala anali atasamba kale m'manja. Akazi anga ananyamula mbale, ndipo ndinawamva akulengeza pabalaza mokweza dala kuti, "Bapika ni bapongozi banu, osati ine." Ndinakakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa papaya womwewo, ndikuganiza ngati ku komboni ya Mtendere kungapezeke chipinda cha munthu mmodzi.

Patapita nthawi amake Tisa anandiitana kuti apongozi akundifuna. Ndinalowa, n'kunjuta pafupi ndi chitseko, maso pansi monga mwa masiku onse. Ndipo pansi pomwepo ndinaona mbale. Inali yopukutidwa ndi nsima mpaka kuwala, mafupa ataunjikidwa pambali.

"Apongozi," anatero mdala ndi Chichewa chawo cha kumudzi, "tadzutsani nkhope."

Ndinadzutsa. Anakoka tsaya lawo ndi chala n'kundionetsa m'kamwa. Mano akutsogolo analipo, oyera bwino, koma otafunira onse anali atatha, kutsala nkhama zokha.

"Zaka zambiri nyama ndimangoinunkhiza," anatero. "Ndikanauza bwanji mkamwini kuti zandilaka? Ngakhale mwana wangayu sindinamuuze. Lero ndadya mbuzi. Ikuwawirako pang'ono, koma ndadya. Yatsala?"

Ndinathamangira poto ndekha. Misozi inalengeza, ndipo sindinganame kuti unali utsi wa malasha. Zaka zonsezo ndinkasungira chakukhosi munthu amene sindinamuyang'anepo kumaso, pamene iye ankangobisa manyazi ake.

Enafe tsiku limenelo tinadyera masamba okhaokha, chifukwa phalalo panalibe wa mano amene akanalimeza. Amake Tisa amati phunziro lake n'lakuti ndizimvera aphunzitsi mpaka kumapeto kwa chiganizo, ndipo mwina akunena zoona. Koma chaka chino mdala atatumiza uthenga kuti akubwera, sanafunse za mwana wawo kapena mdzukulu wawo. Anafunsa ngati mapapaya a apongozi abereka.