Sabata Imene Ampulifaya Inalankhula Chiswahili

Lolemba

Uthenga wabwera ndi dalaivala wa lole ya nsomba: a manijala a hotela ina ku Makokola akufuna kumva bandi yathu Loweruka, 2 koloko masana. Akakhutira, tizikaimbira alendo sabata iliyonse. Chino n'chaka chachitatu ndikuphunzitsa Sitandade 6 kuno ku Mangochi, kutali ndi kwathu ku Ntcheu, ndipo aka n'koyamba kuti chinthu chabwino chindipeze chokha!

Bandi ndi anthu atatu: ine pa gitala, Che Saidi ogulitsa nsomba zouma pa bezi, a Phiri akalaliki pa ng'oma. Ampulifaya tipita nayo imodzi, ine ndi Che Saidi tilumikiza momwemo. Koma iti? Ndazindandalika pabalaza:

1. Yanga, ya ku Joni. Anabwera nayo malume pochokera ku migodi. Mavalavu (timababu tagalasi ta mkati) anayi, sipika imodzi yaikulu ya mainchesi 12. Mawu onenepa, okoma. Koma imang'ung'udza ngati njuchi usanakhudze n'komwe gitala.
2. Ya Che Saidi, ya ku Mangalande. Mavalavu asanu ndi imodzi, masipika awiri a mainchesi 10. Mawu akuthwa, ofika patali. Imanunkha utaka.
3. Ya ku mishoni, yobwereka kwa ansembe. Ya ku Japan, ilibe valavu ndi imodzi yomwe. Siitentha, siivuta. Mawu ake ngati munthu akuimbira m'chitini cha palafini. Iyi ndangoiikapo chifukwa cha ulemu.

Dongosolo: mawa kupukuta, Lachitatu kuyerekeza, Lachinayi kusankha, Lachisanu kupuma.

Mayi a kunyumba akuti: "Mipando mwaitulutsa, alendo akhala pa chiyani?"

Lachiwiri

Ndatsegula kumbuyo kwa ya Che Saidi. Mphemvu! Zikutuluka ngati ana a sukulu belu likalira. Sipika imodzi zadya pepala lake lonse, kwangotsala mkombero. Inayo yang'ambika pakati.

Ndamata ndi pepala la m'kope ndi guluu womatira chubu cha njinga. Ikulira, koma ndikamenya nsambo yaikulu ikuti prrr ngati mbuzi yoyetsemula.

Ndinaiwala kuti zinthuzi zimasunga magetsi ngakhale utazula pakhoma. Ndakhudza kachitini kena ka mkati. Ndangopezeka ndili pansi pafupi ndi chitseko, sikuludalaiva ili panja. Dzanja lamanja likunjenjemerabe. Mawa choko ndigwira ndi lamanzere.

Lachitatu

Kuyerekeza kwakanika. Ndayatsa yanga: mavalavu atatu akuwala ngati makala, yachinayi ili zii. Yafa. Yatsopano kuno kulibe, n'ku Blantyre, ndiponso n'kudikira miyezi.

Ndazula valavu imodzi mwa Che Saidi, ndaika mwanga. Timiyendo take talowa bwinobwino. Mphindi ziwiri: fungo, utsi, fyuzi phu! Si mtundu umodzi. Mwamwayi valavu yawo yapulumuka, ndaibwezera msanga.

Zomwe zatsala:
- yanga: sipika yabwino, mkati mwapsa
- ya Che Saidi: mkati mwabwino, masipika ndi ndiwo za mphemvu
- ya ku mishoni: ili bwinobwino, mwatsoka

Che Saidi adzera pano pochokera ku mzikiti. Ayang'ana, anunkhiza. "Aphunzitsi, wallahi, ine ndinakupatsani kuti mungopukuta." Kenako: "Lumikizani mkati mwa yangayo ndi sipika yanu. Inshallah ilira."

Lachinayi

Zatheka! Mawu otere sindinawamvepo: onenepa pansi, owala pamwamba, ukamenya mwamphamvu n'kumabwera kaukali kokoma kaja ka mavalavu akatentha. Mayi a kunyumba asiya kusita, aimirira pakhomo. Ndatsegula mawindo onse kuti Mangochi amve.

Waya wa gitala ndi waufupi, ndipo ku hotela ndidzafuna kumayendayenda pang'ono. Ndawonjezera ndi waya wa nyale, mamita asanu. Ndakweza mawu mpaka kumapeto.

Ndasiya kuimba kuti ndimwe madzi. Sipika yayamba kulankhula yokha. Mwamuna, Chiswahili, momveka ngati wakhala pabalaza pompano. Nkhani za pa wailesi yakunja! Waya wautali uja wasanduka eriyo. Dzina la dziko lathu ndalimva kawiri ndisanafike pa swichi. Ndipo mavalavu sazizira msanga: ndazimitsa, bamboyo akupitirizabe, n'kumazirala pang'onopang'ono mwaufulu wake.

Kunja kwa windo kwaima mayi wa nyumba yachitatu kuchokera pano, dengu pamutu, osasuntha. Amuna ake ndi mlembi wa chipani m'nthambi yathu.

Kuno n'ku Mangochi. Anthu anatengedwapo pa zinthu zochepa kuposa izi, ndipo ena sanabwererebe.

Lachisanu

Ahedi sanayankhe moni wanga. Aphunzitsi anzanga onse mwadzidzidzi ali ndi makope ochonga.

Masana: a tcheyamani a nthambi ndi amuna awiri a malaya ofiira. Odi palibe. "Aphunzitsi, khadi." Ndawaonetsa khadi langa la chipani. "Tsopano tiuzeni bwinobwino, mumalankhula ndi ndani kunja?"

Ndafotokoza za waya. Ndalumikiza monga dzulo kuti adzionere okha. Tadikira. Tadikirabe. Chete! Lero ndiye yasankha kukhala ndi ulemu.

"Mwawachenjeza," atero a tcheyamani.

Afunsa kuti bokosi lonunkha nsombalo n'la yani. Che Saidi amadziwa Chiswahili. Amapita ku Makanjira pa boti mwezi ndi mwezi, kufupi ndi malire. Ali ndi ana asanu ndi awiri.  Ndati n'langa, ndinkasungiramo utaka.

Anyamula zamavalavu zonse ziwiri, ndi waya yemwe. Ya ku mishoni aisiya. Mawa 8 koloko ndikaonekere ku ofesi.

Mayi a kunyumba andiikira bulangete ndi sopo m'kachikwama. 

Loweruka

Maola atatu pa benchi. Patebulo pali mavalavu khumi, onse oswedwa: amafuna aone chomwe chili mkatimo. Sipika aicheka ndi mpeni. Sipika ya malume, yomwe inadutsa malire atatu osang'ambika!

Wandipulumutsa ndi wapolisi wina wachikulire amene ankagwira za mawailesi ku usilikali. Watembenuza bokosi, waseka pang'ono. "Ichi sichingatumize mawu ngakhale kuseri kwa chimbudzi. Bambowa ndi opusa chabe." Sindinakondwerepo chonchi ponyozedwa.

A tcheyamani sanaseke. Akuti popeza ndimadziwa za mawaya, ndionetse kukhulupirika: msonkhano wa lero, 2 koloko, ukufunika chokuzira mawu. "Kaja ka ansembe kaja."

2 koloko! A Phiri ananyamuka kale m'mawa pa lole ndi ng'oma zawo. Wowauza palibe.

Ndaima padzuwa mpaka 5 koloko, chala pa swichi. Waya wa maikolofoni ndaufupikitsa kwambiri moti a tcheyamani alankhula msonkhano wonse atawerama. Zomwe anena sindinamve ndi chimodzi chomwe, makutu anga amangodikira Chiswahili. Ka ku Japan sikanalakwitse kalikonse. Anthu awomba m'manja. Akuti kuyambira lero ndine wa zokuzira mawu wa nthambi, msonkhano uliwonse, ndipo nawonso andiwombera m'manja.

Lamulungu

Ku tchalitchi benchi yonse ndi yathu awiri, ine ndi mayi a kunyumba. Nyengo yotentha ino, mpata si woipa.

A Phiri anadikira ku hotela maola atatu atakhalira ng'oma yaikulu. A manijala atenga bandi ya ku Zomba. Izi ndamva kwa dalaivala, a Phiri eni ake sakundilankhula.

Abiti Juma, akazi a Che Saidi, abwera ndi chambo ziwiri zowamba, adzera khomo lakuseri. Amuna awo anakwera boti Lachisanu, abwerako mvula ikagwa. Uthenga wawo: zikomo kwambiri, Mulungu andisunge, ndipo ampulifaya sanakhalepo nayo chibadwire, sadziwa n'komwe kuti ndi chiyani. Ndawauza kuti nanenso bandi sindikuidziwa.

Ndayesa gitala popanda magetsi. Udzudzu ukumveka kuposa ine.

Mayi a kunyumba awerenga kope lino ine ndili kosamba.  Angoti akufuna pepala loyatsira mbaula.

Ndawapatsa masamba a Lachinayi ndi Lachisanu.