Mmene ndinakonzera chaka cha 800

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba lachiwiri la Okutobala, kukhitchini, kwa mwana wanga wamkazi. Mpaka lero silinayankhidwe. Womudandaulayo ndi mdzukulu wanga Tadala, wa zaka khumi, amene anasiya kundigwira dzanja tikamachokera kusukulu kunja kuno, ku Blanchardstown.

Zinayamba chonchi. Aphunzitsi anapatsa mwana aliyense chaka chimodzi chamakedzana kuti akachifufuze. Tadala anapatsidwa 800. Anajambula amonke, azibambo odzipereka kwa Mulungu a nthawi imeneyo, ndi mabwato awo pachipepala chachikulu, n'kuchisiya patebulo kuti penti iume. Ine podutsa ndinaona kuti m'munsi mwa 800 mwalembedwa 184, kenako 793, kenako 4561.

Ndinagwira ukalaliki paboma mpaka kupuma (chikalata cha ubatizo wa mayi anga ndikadali nacho), ndipo chaka chimodzi sichinakhalepo ndi manambala anayi ine ndikuona. Ndinatenga bolopeni yofiira ndi rula, n'kukhwatcha atatuwo mwaukhondo, n'kumukulungira mwana chipepala chake.

Zikanathera pomwepo. Koma m'mawa ndinavala jekete, n'kukafunsa aphunzitsi pageti chifukwa chimene akusokonezera ana. Iwo anatambasula chipepalacho Tadala ali pomwepo (anali asanachione).

"Agogo a Tadala," anatero mofatsa, "184 ndi chaka chomwecho pa kalendala ya Asilamu, 4561 pa ya Ayuda. Iyi ya 793 anamuuza ndi mayi a mnzake, a ku Ethiopia."

Mayiwo anali kumbuyo kwanga ndi ambulera yawo. "Mpaka lero kwathu tili m'mbuyo mwanu zaka zisanu ndi ziwiri, bambo. N'chifukwa chake sitikalamba msanga."

Makolo anaseka. Tadala sanaseke. Anapinda chipepala chake n'kulowa m'kalasi.

Madzulo mayi ake anati, "Adadi, mwanayu wakhala akuzungulira makomo a anzake kufunsa manambala amenewo. Ingomupepesani."

Ndinapepesa, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Anati, "Chabwino, agogo," manja ali m'thumba la jekete. Chikwama amandilola kumunyamulira. Dzanja ayi.

Kulakwa ndikuvomera (ngakhale ndikuonabe kuti nambala iliyonse ikanalembedwa mwini wake pambali). Choncho ndikupempha mwaulemu kuti nkhani ya dzanjayi iyankhidwe chisanathe chaka chimene chalembedwa pa kalendala yathu ya kukhitchini. Tadala asadikire kuti nambala ya chaka chinoyi ikafike ku Ethiopia. Pamsinkhu wangawu, zaka zisanu ndi ziwiri n'zambiri.