Adokotala akuti ndizigona masana

Lolemba
Pepani inu mudzatole kopeli, ndakutayitsani nthawi. Ndachokera kuchipatala, BP yakwera. Adokotala akuti: "Mayi, muzigonako masana. Mukabwera Lachiwiri la sabata yamawa isanatsike, tikugonekani m'chipatala." Kugonekedwa nandolo atauma m'munda! Athyola ndani? Ndakonza mphasa, pilo, ndi malo pansi pa mango. Pasesedwa kawiri.

Lachiwiri
Ndagona. Diso lisanatsekeke, "Odi!" Abiti Saidi oyandikana nawo. "Achemwali, dzuwa lili pamutu inu gone? Ndi malungo?" Ndikuti ndikungopuma. Akundiyang'ana mwachisoni. Ndikudzuka kukawatengera mpando.

Lachitatu
Mbiri yafika mpaka ku Njuli. Odzazonda: apongozi, alamu, azimayi onse a mphakati ndi makorona awo. Wodwalayo ndi amene akubwereka makapu, kuwaza nkhuni, kuphika tiyi. Shuga watha! Potsanzika apongozi akuti: "Muzipumatu."

Lachinayi
Ndagona m'nyumba, chitseko chotseka. Zaipirapo. Pawindo ndikumva: "Sakutulukanso." Ayamba nyimbo pakhonde. Nyimbo zake zomwe zija za pamaliro. Ndatuluka, ndayimba nawo.

Lachisanu
Nzeru: kumunda kulibe odi. Ndagona mumzere, pakati pa nandolo. Kukoma kwake! Wakabaza wina waona mapazi okha, wakuwa. Mudzi wonse thamanga, kudutsa m'munda mwanga momwe. Nandolo thyokethyoke, mbuzi pambuyo. Andinyamula ngati thumba, ine ndikukana.

Loweruka
Mwana wanga wamkulu wafika kuchokera ku Limbe, wamva kuti ndinakomoka. Amagwira ntchito m'sitolo ya Mtchaina. Akuti kwawo kwa abwana akewo ali ndi mawu akeake a munthu wotopa amene wangodziponya chagada ngati mtembo, ndipo anzake amangoseka n'kumusiya. Kumusiya! Kuno mkazi akagona masana ndiye kuti anthu ayambe kufunsa za matabwa. Bambo ake a mwanayu ali gone pakhonde chidyereni. Iwo palibe wowazonda. Ndamuphera nkhuku mlendo.

Lamulungu
Kutchalitchi anditchula pa odwala, ine ndili pabenchi pomwepo. Ndasinza pa ulaliki, tulo tokoma kuposa sabata yonse. Andigwedeza: "Ulemu, amayi!" Mutu ukugunda. Nandolo wotsala ndithyola mawa, chikwama cha kuchipatala ndalongedza kale. Kumeneko mwina ndigona, ngakhale nako kuli nthawi ya odzazonda. Ngati alipo wodziwa pomwe mkazi wamoyo angagone masana osamuyimbira nyimbo, chonde andiuze Lachiwiri lisanafike.