Turubo M'galimoto ya Apongozi

Lolemba

Turubo yafika! Mesitiri Zakariya, makanika, abwera nayo m'thumba la simenti, aitula pakhonde. Chitsulo chowonjezera mphamvu ya injini, chopindika ngati nkhono, cholemera, chakuda bii ndi mafuta. Akuti yachokera mu pikapu ya kumigodi imene inagubuduzika. Woyendetsayo anatuluka wamoyo? Ndikufuna kufunsa. Sindikufunsa.

Ndilembe zonse mwadongosolo, mwina mtima ukhala m'malo:

- Galimoto si yanga. Ndi ya apongozi, bambo ake a Rozita, mkazi wanga.
- Anaisiya kuno ku Moatize chifukwa maso awo anachita ng'ala, msewu samauonanso.
- Ali ku Blantyre ndi Rozita kukachotsa ng'alayo. Lamulungu ndikawatenga pamalire ku Zobue.
- Anayendetsa kamiyau, malole akuluakulu aja, moyo wawo wonse. Injini ikatsokomola amaimva ali m'bafa.
- Pondipatsa makiyi anati: "Akamwini, madzi ndi oyilo basi. Kwinako musagwireko."

Nanga ndikuchitiranji zimenezi? Mtunda uja wa ku Zobue. Ulendo watha, titakwera anthu asanu ndi thumba la chimanga, kagalimotoka kanayamba kukwawa. Kumbuyo kamiyau ya malasha, mphuno yake itadzaza galasi langa lonse, hutala osalekeza. Sindifunanso kumva hutala ija m'khosi mwanga.

Mesitiri ankakonza magalimoto akuluakulu a kumgodi, aja tayala lake limaposa nyumba. Panopa ali ndi ofisina, kagalaji kawo, pansi pa msawu kuseri kwa msika. Akuti: "Purofesori, ndi iyi makamiyau azikuonani msana wokha. Ntchito ya tsiku limodzi."

Tsiku limodzi. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa tili pa tchuthi. Apongozi akafika adzangomva galimoto ikukwera mtunda ngati mbawala, adzandiyamika pamaso pa anthu.

Masana. Tatsegula kapo, chivundikiro cha injini. Mulibe malo. Ngakhale olowetsa dzanja! Mesitiri aika turubo pamwamba, aitembenuza, aitembenuzanso, aipendeka. Aimba kamluzu.

"Mangwana, shamwali."

Mawa, akutero.

Lachiwiri

Galimoto ili pansi pa msawu. Ine pa chitini cha penti, manja m'masaya.

Zimene zatuluka kuti turubo ipeze pokhala:

- bateriya
- bokosi losefa mpweya
- kabotolo ka madzi otsukira galasi
- hutala
- kachitsulo kena kamene mesitiri akuti azungu anangoikamo kuti kazikongoletsa

Zonse zili pa chiguduli padzuwa. Nkhuku ikujompha nthambo ya hutala. Ndaithamangitsa kanayi.

Turubo sinalowebe!

Ndafunsa kuti bateriya ikhala kuti. Mesitiri aloza pansi pa mpando wakutsogolo, pomwe wokwera amaika mapazi. Pomwe apongozi amaika mapazi! Ndati mwina sizikhala bwino. Iwo: "Adzakweza mawondo pang'ono. Ndi zabwino kwa okalamba, magazi amayenda."

Aboola kabowo kodutsira nthambo. Kabowo kakang'ono. Koyamba. Ndamva ngati akuboola dzino langa.

Mwina ndinene kuti basi, tibwezeretse zonse. Ndatsegula pakamwa kawiri. Koma anthu asonkhana, mpaka wogulitsa mbuzi yootcha wasuntha mbaula yake kubwera pafupi. Onse akunditcha "patarau". Palibe amene ananditchapo bwana chibadwire changa. Ndatseka pakamwa.

Madzulo sindinadye.

Lachitatu

M'mawa. Radiyadori, thanki ya madzi oziziritsa injini, isunthidwe kutsogolo zala zitatu. Kuti isunthe, achotse chitsulo chimene chimaigwira. Kuti achichotse, achidule. Abwereka makina odulira zitsulo. Moto thethethe mpaka pa nsapato zanga.

Ndafunsa ngati chodulidwa chimabwereranso. Mesitiri: "Chilichonse chimabwerera, purofesori. Kungoti sichibwerera chimodzimodzi."

Masana. Foni! Rozita. Opaleshoni yayenda bwino, maso awamanga nsalu. Mulungu atamandike. Kenako: "Bambo akufuna akulankhuleni."

Ndaimirira. Ndavula chipewa. Pafoni!

"Akamwini, kuno ndili mumdima, ndikusowa chomvera. Tailizani ndiimve."

Galimoto ilibe bateriya. Ilibe radiyadori. Theka lake lili pa chiguduli. Ndathamangira pikapu ya munthu wina imene ili pambali, makiyi ali momwemo, ndailiza, foni ndaiika pafupi ndi injini. Ndawerenga mpaka khumi. Ndabweza foni kukhutu.



Apongozi: "Imeneyo ndi ya dizilo."

Ndati mwina foni ikusokoneza mawu, malire ali patali.

"Foni sisandutsa petulo kukhala dizilo, akamwini."

Ndadula. Ndadula foni ya apongozi! Zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja, sindinayambepo ndakhala pampando iwo ataima, lero ndawadula ali pakati pa mawu. Ndazimitsa foni. Ndaiika m'thumba la ufa.

Lachinayi

Yalowa!

Kapo sakutsekeka.

Patsala mpata wa zala zinayi. Mesitiri akhalapo, alemera makilo osachepera a matumba awiri a simenti. Mpata watsika kufika zala zitatu, ndipo pa kapo patsala chizindikiro cha pomwe anakhala.

Njira zimene zaperekedwa ndi anthu oonerera:

- kumanga ndi mphira ya tayala
- kuyenda wopanda kapo, "mpweya uzilowa bwino"
- kumenya ndi nyundo kuchokera mkati mpaka atukuke
- kugulitsa galimoto n'kuthawira ku Beira

Yomalizayi ndaiganizira nthawi yaitali.

Nyundo yayesedwa. Kapo watukuka paliponse kupatula pamene pakufunika. Ndiye mesitiri atenganso makina odulira aja. Ndanena kuti ayi. Ndikulumbira ndanena! Koma mawu anatuluka aang'ono, makina akulu. Tsopano pa kapo pali bowo lalikulu ngati mbale, turubo yasuzumira panja.

Masana ailiza. Poyamba kutsokomola. Kenako mluzu, fyiiii, wokwera, wokwerabe. Amayi ogulitsa masawu anyamula madengu n'kuthawa. Galu wa pa ofisina sanabwerebe. Patapita kanthawi turubo yafiira ngati khala la moto, ndipo pambali pake pali nthambo, mapaipi, kabotolo ka mafuta a mabuleki, zonse zikukhudzana chifukwa malo mulibe.

Ndaloza ndi chala. Mesitiri: "Ndi mmene imakhalira ikakondwa."

Ndayatsa foni kamphindi. Uthenga wa Rozita: "Bambo sakudya. Mwachita chiyani?" Ndayankha kuti zonse zili bwino, ndikungoitsuka. Ndazimitsanso.

Lachisanu

Tsiku loyesa. Kupita ku Kambulatsitsi n'kubwerera.

Ndatsegulira mesitiri chitseko. Abwerera m'mbuyo. "Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, purofesori. Pitani, ndizimvera kuno."

Ndalemba kakalata kwa Rozita, ndakaika m'Baibulo. Ndavala malaya abwino, kuti akandipeza asanene kuti aphunzitsi anali osasamba.

Ndikulemba izi nditakhala m'munda wa mapira wa munthu amene sindimudziwa. Zayenda motere.

Kutuluka m'tauni, palibe chachilendo. Ndiponda mafuta, palibe. Ndipondanso, palibe. Ndikuti mwina zonsezi n'zachabe, ndipo mtima ukuyamba kutsika. Kenako fyiiii! Mpando wandimenya kumsana. Mitengo ikuthawa. Kutsogolo kamiyau, ndaipitirira. Ine! Ndaona woyendetsa ali kukamwa yasa. Ndaseka mokweza ndekha.

Kuseka kwake kwatha msanga. Fungo la pulasitiki yopserera. Utsi ukutuluka pabowo paja, ukubwera pagalasi. Ndikuti nditsuke galasi, kabotolo ka madzi kali pa chiguduli ku Moatize. Kutsogolo mbuzi, msewu wonse. Ndiponda buleki. Phazi lafika pansi, lopanda chogwira, ngati ndaponda phala. Ndimenya hutala. Hutala ili pa chiguduli!

Ndatulutsa mutu pawindo n'kukuwa: "Chokani! Chokaniii!" Mbuzi zamva. Zikomo Ambuye, mbuzi zamva.

Ndakoka buleki ya pamanja ndi manja onse awiri, chiwongolero ndachisiya kwa Mulungu. Galimoto yazungulira, yatsika mumsewu, yalowa m'mapira, yaima pa chulu. Bateriya yadumpha n'kugwera pampando wa apongozi.

Ndili moyo. Ndadzigwiragwira, zonse zilipo. Buluku lokha ndi limene silili bwino.

Mwini munda, mayi wamkulu ndi khasu paphewa, wandiyang'ana, wayang'ana mapira ogona. "Mwabwera kudzakolola, baba? Sanakhwime."

Ndapepesa nditagwada. Zotsalazi ndikulemba madzulo, ndili kunyumba: ng'ombe zake ziwiri zatikokera kumsewu. Kuchoka apo lole ya makala yatikoka ndi chingwe mpaka pansi pa msawu, ine ndili pa chiwongolero, dzanja pa buleki ya pamanja, ndikupemphera mokweza njira yonse.

Kwa mesitiri ndanena mawu amodzi okha, ndipo lero atuluka aakulu: "Ichotseni!"

Loweruka

Mesitiri akhumudwa. "Turubo ilibe mlandu. Galimoto yanuyi ndi imene inabadwa yopanikizika."

Kuchotsa kwatenga ola limodzi. Kubwezeretsa zinazo, tsiku lonse. Zinthu zimene zinatuluka m'malo awo Lachiwiri lero zikukana kulowamo. Malo ake ndi omwewo! Zatupa padzuwa?

Kabotolo ka mabuleki kanasungunuka, aika kena. Mabuleki ndawayesa kakhumi ndi kanayi, kuchokera pa msawu kufika pa mpopi. Akugwira. Ndiyesanso.

Zotsala pa chiguduli, zonse zitabwezedwa:

- mabawuti asanu ndi anayi
- kasipuling'i
- paipi yakuda yopindika imene aliyense akukana kuti sanaionepo

Mesitiri: "Ngati ikulira popanda zimenezi, ndiye kuti sizinali zofunika." Ndazikulunga m'nyuzipepala, ndazibisa pansi pa tayala lapadera.

Bowo la pa kapo aphimba ndi chitsulo chodula ku chitseko cha firiji yakufa. Choyera. Galimoto ndi yabuluu. Penti imene yapezeka pamsika ndi yobiriwira. Mesitiri akuti ikauma iyandikira. Yauma. Sinayandikire.

Injini ili ndi kaphokoso katsopano, tiki tiki tiki. Kakang'ono. Mwina ndikumva ndekha. Wa mbuzi yootcha akuti akukamva ali pa mbaula.

Madzulo ndapita kukalapa. Ndafotokoza zonse, bodza la pafoni, mapira, firiji. Kuseri kwa kansalu phewa la abambo mfumu layamba kugwedezeka. Andipatsa korona imodzi. Yachepa. Sawadziwa apongozi.

Zimene ndinganene mawa:

- Inagwa nthambi ya msawu. (Nthambi yodula bowo lozungulira?)
- Akuba. (Akuba ophimba ndi firiji?)
- Zoona.

Ndayeserera zoona pagalasi katatu. Mawu akuthera pa "Bambo, ine…"

Lamulungu

Ndanyamuka kutangocha. Galimoto ikuyenda pang'onopang'ono kuposa kale. Tiki tiki tiki mpaka ku Zobue.

Pamalire anthu piringupiringu, makamiyau mzere wautali, amayi a mbatata ndi kabichi. Ndaimika galimoto kuseri kwa lole, mphuno yake itayang'ana kukhoma. Ndikuyembekezabe kuti mwina maso akadali omanga.

Sali omanga. Atulukira atavala magalasi akuda, Rozita pambuyo ndi chikwama, ndipo akuwerenga mokweza zikwangwani zonse za tsidya lina la msewu, ngakhale timalemba tating'ono. Akuona ngati mwana.

Ndagwada, ndapereka moni. Ayankha bwinobwino. Avula magalasi. Azungulira galimoto kamodzi, manja kumbuyo. Aima pa chigamba chobiriwira, agogoda ndi chala. Atsegula kapo. Ayang'ana nthawi yaitali moti wosintha ndalama amene anaima pafupi wavula chipewa. Atseka pang'onopang'ono, ngati akufunditsa wodwala.

Njira yonse yokwera kumudzi kwawo akungomvetsera. Mutu ataupendeka, khutu kuinjini. Pena akugwedeza mutu. Rozita kumbuyo akundiyang'ana pagalasi, osaphethira.

Kunyumba atambasula dzanja, ndaikamo makiyi. Ndayamba: "Bambo, ine…" Akweza chala.

"Akamwini, adokotala andiletsa zinthu zitatu kwa masabata awiri: kuwerama, kunyamula zolemera, ndi kukwiya. Akuti diso lingaphulike. Ndiye pitani bwino. Mudzabwere Lamulungu la mkuja, mutadya."

Andiperekeza mpaka pachipata, n'kundipatsa kabichi ziwiri.

Ndili mu chapa, minibasi yobwerera ku Moatize, mpando wakumbuyo, kabichi pamiyendo, kope pamwamba pa kabichi. Rozita watsala konko. Akuti aziwathira mankhwala m'maso katatu patsiku, ndi kuwathandiza kuti asaiwale kalikonse.

Masabata awiri. Chabwino. Ndidzapita nditadya.