Kwaya ya munthu mmodzi ku Hor Al Anz

Lolemba
Kwaya yathu ya Amalawi ku Satwa, kuno kudziko la Aluya, siyeserera n'komwe. Amayi onse amalera ana m'nyumba za mabwana, amamasuka Lamulungu lokha. Ndiye ndalonjeza pagulu: mawu onse anayi ndijambula ndekha pafoni, ndiwasanjikiza, Lamulungu ndidzaimba pamwamba pake. Mayi Nachisale, otsogolera nyimbo, angoti: "Inshallah, Mulungu akalola, achimwene." Nsanje basi!

Lachiwiri
Situdiyo yatsegulidwa. Zida: foni, bulangete, mahedifoni olira khutu limodzi. M'chipinda chathu kuno ku Hor Al Anz timagona anthu asanu ndi mmodzi. Besi ikutuluka bwino, koma eyakoni ikusokosa, ndiye ndazimitsa. Tembo wa ku Chipata wadzuka ali thukuta kamukamu: "Mudala, mufuna kutiphika? Yalla, fulumirani, yatsani!" Anthu osadziwa luso.

Lachitatu
Tenala ndikuimbira m'kabati ya zovala. Ndatulukamo ngati ndagwa m'chitsime. Pomvetsera, mahang'ala akumveka kuwombana. Ndawasiya, akhale maseche.

Lachinayi
Aluto. Besi akuthamanga, tenala akutsalira. Onsewa ndine, koma sakumvana! Kwaya yeniyeni ndithu.

Lachisanu
Sopurano. Mnansi wagogoda kudzafunsa ngati mphaka wapanidwa ndi chitseko. Sopurano ndamuchotsa ntchito. Atatu akwana.

Loweruka
Mawu asasa. Tiyi wa jinja makapu anayi, osathandiza. Koma nyimbo yatheka, mphindi zitatu ndendende. Ndaimvetsera kakhumi. Ndikudzinyadira, sindibisa. Mawa aona!

Lamulungu
Kutchalitchi ndayatsa sipika. Vesi yoyamba anthu ali chete, ine chifuwa patsogolo. Tafika pakolasi, Mayi Nachisale nyamu, nthungululu, m'manja. Amayi onse alowerera, abwereza kolasi. Foni yapitirira yokha kuvesi yachiwiri. Abwerezanso. Ndikuwakodola kuti atsatire foni, palibe wondiyang'ana.

Ndinaiwala chimodzi. Anthuwa sabata yonse amanong'ona m'nyumba za eni ake kuti mwana asadzuke. Ungawauze kuti nyimbo ithe pamphindi zitatu? Foni yamaliza, yangoti zii, palibe wazindikira. Aimba mpaka mipango kugwa. Ine ndaima kumbuyo, sipika m'khwapa, kukhosi kukuwawa, ndikuwomba nawo m'manja. Ndapsa mtima pang'ono, koma kukoma kwake kwandigwetsa misozi.

Potuluka Mayi Nachisale akuti: "Achimwene, kawayilesi kanu katiyambitsa bwino. Kazingotipatsa kiyi, zinazo tizimaliza tokha."

Khalas, nkhani yatha. Sabata yathunthu ya thukuta, ntchito yanga ndi masekondi asanu oyambirira. Koma asanuwo ndi anga.