Besi ya M'galimoto ya Mayi Daisy

Pulani yonse inabadwira kwa mayi Rachel ogulitsa mowa ku Nchilamwela, Lachinayi masana, masese atayamba kulankhula. Woibereka anali Goodson, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anagwirapo ganyu yogwirizira mawaya kwa munthu wina woika zoimbira m'magalimoto ku Limbe. Ganyuyo sinakhalitse, koma dzina linakhala.

Anzake anali awiri. Dickson, wotchedwa Thirakitala, ankanyamula chilichonse bola wina amulozere. Happy, wotchedwa Rada, ankati maso ake amaona mlonda asanavale n'komwe nsapato.

Injiniya anafotokoza kuti m'shedi ya a Nuhu, mmisiri wa zoimbira pa tiredingi senta, mwaima galimoto yoyera. M'buti mwake aikamo ampulifaya yatsopano, wufa yaikulu ngati beseni lochapira, ndi kolosiova, kabokosi kogawa mawu kuti okuya azipita ku wufa, owonda ku timasipika ta kutsogolo. Mawa lake a Nuhu apita ku mzikiti, ndipo chitseko cha shedi amangomanga ndi waya.

"Kumasula, kunyamula, kulowa m'tiyi," anatero Injiniya. "M'tiyi munthu sapezeka, aise."

Tiyi wa ku Thyolo amalekeza m'chiuno, koma palibe anakumbutsa mnzake. Palibenso anafunsa kuti galimotoyo ndi ya yani. Inali ya mayi Daisy, mkulu wa alonda onse a pa esiteti.

Lachisanu, a Nuhu atangokhota ndi kofia yawo, anyamatawo anadula waya. Rada anakaima kumsewu, atagwirizana kuti akaona zoopsa aimbe likhweru. Thirakitala anakwera m'buti ndi sikuludiraiva. Zonse zinali bwino mpaka Injiniya anaona kiyi ali pamalo pake, poti a Nuhu anasiya ntchito ili pakati.

Injiniya ananena kuti kuba katundu wosayesa ndi uchitsiru. Anapotokola kiyi.

Pa fulashi panali nyimbo ya tchopa. Ng'oma zinatuluka ngati munthu akumenya ndowa yobooka, ndipo woimba ankamveka ngati wamwera phala lotentha. Nkhope ya Injiniya inagwa ngati wamva uthenga wa maliro.

"Izi ndi nkhanza," anatero.

Thirakitala anafunsa ngati ayambe kumasula. Injiniya anamulanda sikuludiraiva. Anati a Nuhu akweza geni, chokwezera mphamvu ya ampulifaya, mopyola, n'chifukwa chake wufa ikutsokomola. Anaitsitsa pang'onopang'ono, khutu ali tcheru, mpaka kunjenjemera kuja kunatha. Kenako anapotoza kolosiova mpaka mawu a woimba anachoka mu wufa n'kubwerera kutsogolo kumene amayenera kukhala. Masipika a m'zitseko anawachotsera besi, poti si ntchito yawo. Anapezanso kuti imodzi yalumikizidwa mawaya motembenuza, ikukankha pamene inzake ikukoka. Anapukusa mutu n'kukonza.

Panatsala kuyesa. Anauza Thirakitala kuti akumbatire bokosi la wufa kuti lisagwedezeke, ndipo poti besi yeniyeni imamveka buti ili yotseka, anatseka. Butiyo inkatsegukira kunja kokha.

Injiniya anakhala pampando wa dalaivala, anakweza voliyumu, n'kutsinzina.

Malata a shedi anayamba kuvina. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo azimayi othyola tiyi anatsika m'munda madengu akadali kumsana. A kabaza anaimika njinga. Wogulitsa nthochi anasiya nthochi. Tchopa ndi ya kwawo, ndipo anali asanaimvepo ikugunda pachifuwa chonchi. Posakhalitsa panja pa shedi panadzaza fumbi ndi ziuno.

Rada anaona zonsezi, monga mwa dzina lake. Anaimba likhweru. Analiimbanso atalowetsa zala ziwiri m'kamwa. Ataona kuti ngakhale iye mwini sakulimva, anayamba kuvina kuti asaoneke wachilendo.

Pamene Injiniya ankatsegula maso, a Nuhu anali akubwera chapoteropo, pambali pawo mayi Daisy odzatenga galimoto yawo, kumbuyo alonda awiri onyamula zibonga. Injiniya anatsetserekera kukhomo la mbali ina, n'kulowa m'gulu akugwedeza mapewa. Palibe anamuona. Anthu onse ankayang'ana mapazi awo. Rada anamugwira malaya, ndipo msewu unali pompo, wopanda munthu. Anali atapulumuka.

Mayi Daisy anasuzumira m'galimoto, anatsitsako voliyumu, n'kumvetsera manja ali m'chiuno.

"A Nuhu, ndinu shasha," anatero. "Thyolo yense yuno kulibe wina."

A Nuhu anayang'ana waya wodulidwa uja. Anayang'ana ampulifaya, kenako anayendetsa maso pagulu lonse mosafulumira.

"Ndi khutu basi, mayi," anayankha mokweza. "Ena amangodziwa kugwirizira mawaya. Kutchuna n'kobadwa nako."

Injiniya anaima. Rada anakoka malaya mpaka batani linaduka, akunong'ona kuti tiyeni mani, tiyeni. Sizinathandize.

"Bodza limenelo!" Injiniya anakankha anthu n'kufika kutsogolo. "Madala awa anasiya geni ili kumwamba. Kolosiova inali yosokonezeka. Sipika yakumanzere anaitembenuza mawaya. Ndatchuna ndine, ndi manja angawa."

Mayi Daisy anagwedeza mutu ngati munthu wogoma. Anamufunsa mwaulemu kuti nanga m'shedi analowa bwanji. Injiniya anafotokoza za waya, mwatsatanetsatane, ndipo anali pakati pa kufotokozako pamene anayamba kudzimva yekha. Anasintha msanga. Anati iye ndi munthu wokonda nyimbo chabe, ankangodutsa yekhayekha, anamva chisoni, ndipo za kuba sanaganizepo chibadwire.

Nyimbo inatha. M'kachetechete ameneyo munamveka kugogoda m'buti.

Mlonda mmodzi anatsegula. Thirakitala anadzuka thukuta lili kamukamu, wufa akadaikumbatira ngati mwana wodwala. Makutu ake anali atagontha, choncho analankhula mofuula, momwe amalankhulira munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

"Injiniya, mwamaliza? Tibe tsopano?" Kenako anaona mnzake uja akuzemba kumbuyo kwa azimayi a madengu. "Rada, bwanji kumseuko, alonda kulibe?"