Mbatata Yomwe Inandipitiriza pa Mpingwe

Amene akuti ndikunama achoke pamzere uno, akayezetse shuga wake kwina! Miyendo yotupa mukuionayi inathamangapo mpaka mthunzi wanga kupempha tchuthi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Chilobwe, ndipo ine ndi Fulaye, kalaliki wodzimva, tinkalimbirana Esinati, mtsikana wa kwaya wa ku Mpingwe. Ndinkamukonda mwana uja, musaseke. Atsibweni ake atatopa nafe anagamula kuti woyamba kufika pakhomo pawo Loweruka m'mawa ndiye akambe za ukwati.

Fulaye anakwera minibasi. Ine ndinathira shuga mutiyi mpaka supuni kuima yokha, n'kutsitsira mabanzi oyera, magazi n'kuwira, ndiye liwiro lake, abale, nsapato zinafuka utsi, agalu a ku Chilobwe anauwa nditafika kale pa Ginnery Corner, minibasi ya Fulaye ndinaidutsa n'kubwerera kukamupatsa moni, n'kuidutsanso, kondakitala n'kundipempha kuti ndinyamuleko anthu awiri. Mukumva?

Koma shuga ndi moto wamapesi. Pofika ku Chichiri unazima, m'maso munada, ndinagwa chafufumimba, mthunzi uja n'kundipeza, n'kundilumpha, n'kumapita wokha.

Apo panali mtsikana wogulitsa mbatata yophika. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwadya zapamwamba. Idyani iyi, imayaka pang'onopang'ono ngati chitsa."

Ndinadya zitatu ndi chiponde. Poyamba zii, kenako mphamvu inayamba kubwera, yosathamanga koma yosatha, ndinadzuka, Limbe ndinamudutsa, mthunzi ndinaugwira pakhosi, Mpingwe uyo, Esinati uyo ataima pakhonde, ine kuti ndiime, miyendo yakana! Mbatata ikadayakabe! Ndinangokweza dzanja, ndikulira, msewu wa Midima n'kunditenga, ndipo chikhala kuti phiri la Mulanje silinanditchinge, bwenzi pano ndikuyankhula Chipwitikizi. Phirilo linasendera pang'ono, kafunseni.

Ndinabwerera Lachiwiri, Fulaye atamanga kale chinkhoswe. Mtima unandiwawa zedi, moti ndinapita ku Chichiri kukamukalipira wambatata uja. Ndinamukalipira tsiku loyamba, lachiwiri ndinapitanso, lachitatu anandisungira mpando.

Mukuti umboni? Suyo wambatata uja, mkazi wanga tsopano, akubwera apoyo ndi kadi langa lachipatala, amene amandibisira shuga m'nyumba mwanga momwe. Mufunseni za mbatata, akuuzani. Koma za Esinati musatchule, chonde. Iye amadziwa kuti tsiku lija ndinkathamangira ntchito.